Tsiku Lobadwa la Agogo Yona

George anawaona komaliza agogo ake a Yona ali pa njinga yamoto ya kabaza pamsika wa Mitundu, tambala kukhwapa. Ankapita ku Nathenje kwa mwana wawo Eneless kuti akawaperekeze kuchipatala ku Nkhoma. Anavala jekete la pakaunjika limene ankalumbira kuti ndi la usilikali. Njinga itangonyamuka anatembenuka n'kumenya saluti, tambala n'kupulumuka, msika wonse n'kuyamba kumuthamangitsa pakati pa milu ya tomato. George anaseka mpaka kugwira pamimba, moti kutsanzika anaiwala. Patapita masiku anayi foni inalira ndi uthenga wa maliro awo.

Chaka chitatha, abale anasonkhana kuseri kwa nyumba ya azakhali ake a Eneless kudzaumba mwala wa chiliza. Mmisiri, a Maliko, anathira simenti m'chikombole, anasalaza ndi thabwa, n'kutenga msomali umene a Che Yakubu a golosale yoyandikana nayo anabwera nawo. Dzina analemba. Tsiku lomwalira analemba. Atalemba mawu akuti ANABADWA anaima, msomali m'mwamba.

"Tiuzeni tsiku, mayi. Simenti ikangogwira, ine ndilibe mlandu."

A Eneless anatulutsa chiphaso cha unzika cha bambo awo pachifuwa. "1 Januwale 1926."

"Eee, nawonso?" anatero a Che Yakubu. "Mayi anga 1 Januwale, apongozi anga 1 Januwale. Tsiku limenelo azamba anavutika m'dziko muno!"

Bwalo lonse linaphulika. A Zipora, mng'ono wawo wa a Eneless, anati bambo anabadwa chaka cha dzombe. Dzombe lake liti? Sanadziwe. Wina anati alembe chaka chokha. A Maliko anadina chala pakona pa chikombole n'kupukusa mutu.

George anali atatsamira mtengo wa papaya. Iye tsikulo ankalidziwa.

Agogo ndiwo anamulera, bambo ake atamwalira, m'kanyumba ka matenanti pa esiteti ya fodya kufupi ndi Mitundu, ndipo anamulera ndi nkhani imodzi yokha. Pa nkhondo yachiwiri, ali mnyamata, anawatengera ku Mombasa n'kuwakweza sitima yapamadzi.

"Inali ya anthu olemera, iwe!" ankatero. "Azungu ankavinamo, akazi awo misana pamtunda. Nkhondo itabwera anachotsamo makapeti, anaipaka utoto wotuwa, n'kutilongezamo ife ngati mabelo a fodya."

Anagonamo usiku umodzi wokha, idakali padoko. Pamakwerero panali galasi lalitali kuposa chitseko limene anaiwala kulichotsa, ndipo m'menemo ndi mmene agogo anadziona thupi lonse koyamba, n'kupeza kuti ndi munthu wokongola. Anakwera ndi kutsika kasanu ndi kawiri. Kutacha anadzuka atatuluka katsabola thupi lonse. Dokotala anawatsitsa, iwo akulira ngati mwana, ndipo pabedi pawo panagona munthu wina. Akali m'chipatala anamva kuti sitima ija yamira.

"Yona wobadwa kumudzi uja anapita nayo," ankatero. "Ine amene ukundiona ndinabadwa tsiku limene inamira."

Koma tsikulo sankalidziwa. Ankangodziwa kuti kwathu kuno chimanga chimakhala chikutulutsa ngayaye. Chaka chilichonse, ngayaye zikaoneka, ankagula banzi ndi fanta n'kudziimbira okha, akudandaula kuti mwina aphonya ndi sabata.

George atapita kukoleji anapeza intaneti yaulere. Anzake akuwerenga za nthaka ndi feteleza, iye anali panyanja. Sitima ija anaipeza. Anaimanga ku Scotland mu 1922 kuti izinyamula anthu pakati pa Chile ndi New York. Kenako anaigulitsa ku Egypt, n'kuitcha Khedive Ismail. Mu 1940 inasanduka yonyamula asilikali. Inamizidwa ndi sitima ya Ajapani yoyenda pansi pa madzi, ndipo mwa anthu oposa 1,500 anapulumuka mazana awiri ndi pang'ono. George anadziwa kutalika kwake, kulemera kwake, mayina a madoko onse. Mayeso analephera kawiri, koleji inamubweza. Anafika kumudzi ndi chikwama ndi tsiku limodzi m'mutu, n'kuganiza zolisunga mpaka ngayaye zituluke kuti adzawapatse pamodzi ndi banzi. Agogo anamwalira mu Novembala. Wophunzira wanzeru, wodziwa kusunga zinthu.

"Azakhali," anatero tsopano, mawu akutuluka mokweza kuposa mmene anafunira. "Agogo anabadwa 1944."

A Eneless anayamba kuwerenga zala.

"Ine ndine wa 1952. Ndiye ukuti bambo anandibereka ali ndi zaka eyiti?"

"Anali achangu a Yona!" anakuwa a Che Yakubu.

A Zipora anagwa pamphasa, miyendo m'mwamba. A Maliko anaseka mpaka msomali unagwera mu simenti, n'kuyamba kuusaka ndi zala akutukwana chapansipansi.

"Sukulu ija anakuchotsa ndi chifukwa, mwana iwe," anatero a Eneless akupukuta misozi. "Masamu amenewa!"

"Ndi tsiku la sitima, azakhali. Ndinalipeza."

"Sitima inalikodi? Ine ndimayesa nthabwala za bambo."

George anatulutsa foni yosweka galasi. Mitu inaunjikana. Pachithunzi panali chisitima chachitali, utsi ukufuka.

"Mayo! Kutalika ngati kuchoka pano kukafika pasiteji ya maminibasi!"

"Dzina lake?" anafunsa a Che Yakubu. Atamva anadziguguda pachifuwa. "Ismail! Ya kwathu imeneyo. Mwaona, a Eneless, bambo anu anagona kwa Asilamu osakuuzani."

"Galasi lija lili pati?" anafunsa a Zipora. "Kulitsa tione pamene anadzikongolera."

"Anthuni, simenti!" anadandaula a Maliko. "Mphindi zisanu, kenako mudzalemba ndi choko."

A Eneless sanachotse maso pafoni. Kuseka kunali kudakawagwedeza mapewa, koma nkhope inali itasintha.

"Bambo unawauza?"

"Ayi."

"Chifukwa?"

"Ndimadikira ngayaye."

A Eneless anamuyang'ana. George anadikira kuti amukalipire. Ankafuna ndithu kuti wina amukalipire, chaka chonse palibe amene anachita zimenezo. Koma iwo anangofyontha, n'kubweza chiphaso chija pachifuwa.

"Abusa akadzafunsa pa tsiku lovundukula chilizachi, udzayankha wekha. Ine ndidzati sindidziwa kuwerenga."

"Nanga anthu odutsa kumanda?" anatero a Zipora. "Adzati ife ana ake tinachokera kuti?"

"Adzati tinabwera pa sitima. A Maliko, mpatseni msomali."

"Ine sindilola munthu wamba kugwira ntchito yanga, mayi."

"Si munthu wamba, anafika kukoleji. Mpatseni."

George anagwada pambali pa chikombole. Simenti inali itayamba kulimba, moti anachita kukanikiza ndi manja awiri, msomali ukukukuta ngati mano a mbuzi. Nambala yoyamba inapendama. A Maliko anabuula n'kutembenukira kumbali. A Che Yakubu anaima njo kumbuyo kwake ngati msilikali, kofiya itapendekeka, akuwerenga mokweza chilembo chilichonse chikamatuluka, azimayi akuvomereza ngati kwaya. Dontho linagwera pa simenti, George n'kulipukuta msanga ndi chala chachikulu, n'kupitiriza mpaka kumapeto kwa mzere.

12 Febuluwale 1944.