Khoma Lomwa Madzi

Ntchito za tsikulo zinali izi: kuchapa matewera, kukolopa, kupita ndi Kadona kuchipatala kuti akamuonenso chifuwa, kenako kudutsira kuhadiweya kukatenga mankhwala othira m'simenti, aja oletsa madzi kulowa m'khoma. Kuphika kunali kwa pobwera. Make Kadona anazichita zonse mwana ali kumbuyo, kachifuwa kakulira ngati mluzu.

Chifuwacho anachitenga kunyumba yalendi imene ankakhala kale. Khoma la bafa kumeneko linkamwa madzi, kuseri kwake n'kumera nguwi yakuda, pamutu penipeni pa mwana. Tsono pano, panyumba yawoyawo, bafa latsopano linagundananso ndi chipinda chogona. Make Kadona ananeneratu mosapsatira: njerwa zootcha, pulasitala wa simenti wothira mankhwala, pamwamba pake matailosi mpaka kudenga. Bambo a Kadona, poti ndi dalaivala wa thiraki, anavomera ali paulendo, ntchito n'kusiyira achimwene awo, omwe ndi bilidala.

Pobwera kuhadiweya, Make Kadona anapeza khoma la bafa laima kale, matailosi akukwera. M'mawa panalibe kanthu. Khoma la njerwa silithamanga choncho. Anagogoda ndi chala, linalira ngati katoni.

"Alamu, m'kati muno muli chiyani?"

"Mabolodi. Zamakono izi," anayankha alamuwo akupala simenti pampeni womangira. "Matailosi akakhala pamwamba, madzi adzera pati?"

"M'mizeremu. Matailosi sagwirana mpaka kalekale."

"Ha! Matewera atha, tsopano mwalowa ubilidala?"

Make Kadona anatola chidutswa cha bolodi, n'kuchiponya mundowa ya madzi, n'kukagoneka mwana kuchipinda chakutsogolo. Atabwerako anachivuula n'kuchifinya. Chinasungunuka m'manja ngati phala, pepala lake likulendewera.

"Awa ndi a siling'i, alamu. Mwawatola kuti?"

"Anatsala pantchito ina. Ndakupulumutsirani njerwa, m'malo mothokoza mukundizenga mlandu."

"Phwasulani. Mwana wanga sagonanso kuseri kwa khoma lonyowa."

Alamuwo anadzuka pang'onopang'ono, ulemu wonse n'kuusiya pansi pomwepo. "Iwe, nyumba ino ndi ya mng'ono wanga. Unabwera ndi kachikwama kokha. Chimene ndamanga ine, mkazi saphwasula."

Hamala inali pa wilibala. Make Kadona anaigwira ndi manja awiri n'kumenya pakati pa khoma. Phwaa! Inabooleratu mpaka kuchipinda, matailosi n'kuyoyoka ngati mbale. Anamenyanso. Asanamenye kachitatu, dzanja la alamuwo linamugwira tsitsi n'kumukokera chagada. Msana unagunda wilibala. Khofi linatera pakamwa, lina pakhutu, dziko lonse linangoti ziii. Analavula magazi, m'magazimo muli dzino.

"Ndikuphunzitsa lero! Amako sanakulange, ndikulanga ine!"

Anamukhalira pamimba, bondo lili pachifuwa, mpeni womangira uli m'mwamba. Iye anatchinga ndi mkono, chitsulo chinang'amba kuyambira pachigongono kutsika. Sanakuwe, mpweya wokuwira panalibe. Dzanja lina linkapapasa pansi, linapeza ndowa ija, n'kuikhuthulira kumaso kwawo, madzi ndi phala la bolodi lomwe. Alamuwo akutikita m'maso, anawaluma padzanja mpaka mano otsalawo anakumana ndi fupa. Alamuwo anakuwa ngati mbuzi, n'kugwera kumbali, dzanja lili chotambalala pakonkire.

Hamala inali pafupi. Make Kadona sanaganize kawiri. Inatera pazala.

Kukuwa kumeneko n'kumene kunadzutsa Kadona, n'kuitananso mayi oyandikana nawo nyumba, omwe analowa ndi thovu la sopo m'manja.

"Mayo ine! Mukuphana chifukwa cha bafa?"

"Tanyamulireniko mwana, amayi," anatero Make Kadona, mawu akutuluka ndi magazi. "Asaponde muno, muli zobaya."

Alamuwo anatuluka chokwawa, dzanja lili m'khwapa, akutukwana mtundu wake wonse. Iye anamanga thewera loyera pamkono, n'kulikoka ndi mano, n'kubwerera kukhoma. Anagwetsa lonse, bolodi ndi bolodi, mpaka panatsala matabwa okhaokha. Kenako m'pamene analola kuti amuperekeze kuchipatala, kachiwiri tsiku lomwelo.

Khoma linamangidwanso ndi bilidala wina, wachilendo, Make Kadona ataima pomwepo kuonerera mankhwala akuthiridwa m'simenti. Pulasitala anadikira kuti aume asanaike matailosi. Mvula inabwera n'kupita, shawa ikutsegulidwa tsiku ndi tsiku, ndipo kuchipinda khoma linakhalabe louma.

Zimene zinapita ndi izi. Matailosi onse oyamba aja, simenti yake, ndi malipiro a bilidala wachiwiri. Dzino lakutsogolo. Mkono wosokedwa, umene mpaka lero umakana kufinya zovala zolemera. Khutu lakumanzere silimva bwino. Zala ziwiri za alamu zinapola mokhota, moti njerwa amagwira movutikira, ndipo ana awo anawaletsa kudzacheza ndi Kadona. Apongozi sanapondenso pakhomo. Bambo a Kadona ndi achimwene awo akakumana panjira amangodutsana, ndipo bambowo akabwera kuulendo amasamba m'bafamo, n'kudya, osatchula nkhaniyo.