Kadzenje ka pa Tebulo la a Whiteson

A Whiteson Tembo anamwalira chaka chija cha chilala, pamene anthu a ku Mpanshya ankadya ufa wa chimanga chachikasu uku akudandaula kuti ukununkha sitima yapamadzi, ngakhale panalibe mmodzi amene anaionapo sitimayo. Anadwala pang'ono, anawagoneka kuchipatala cha mishoni, basi anapita. Anasiya mkazi wawo a Ketrina, nyumba ya malata, njinga, wailesi, mbuzi zingapo ndi tebulo.

Tebulolo linali la mtengo wa mukwa, lolemera moti kulisuntha kunkafuna amuna awiri ndi mkangano. Vanishi linalibe. A Ketrina ankangolipaka mafuta ophikira akatsala, ndipo chaka chimenecho sankatsala. Pamwamba ankayalapo nsalu yoluka, yomwe inkachoka pa nthawi ya chakudya yokha.

Pakona imodzi, pamene ankakhala a Whiteson, panali kadzenje. Bambowa anali a m'kwaya ya kutchalitchi. Mawu analibe, zimenezo aliyense ankazidziwa kupatula iwo eni. Akatha kudya ankatembenuza supuni n'kuyamba kugogoda tebulo, go, go, go, akuyeserera nyimbo za Lamulungu, ndipo nyimbo inkapita kwake, supuni kwakenso. Zaka zonse za ukwati anagogoda pamalo amodzimodzi, mpaka panalowa kadzenje kokwana nsonga ya chala chachikulu.

"Mudzaboola tebulo inu, a Tembo," ankatero a Ketrina.

"Ndidzakonza mawa," ankayankha a Whiteson, supuni isanaime.

Kukonzako ankadziwadi. Tsiku lina a Ketrina anagwetsera poto wachitsulo pakati pa tebulo, thabwa n'kulowa m'kati, iwo n'kugwira mutu. A Whiteson sanakalipe. Anadonthezera madzi pamalopo, anayalapo kansalu konyowa, n'kusanjikapo nsimbi yositira zovala, ija ya makala. Nthunzi inati fwaa. Anabwereza kangapo, ndipo thabwa linatupa n'kubwerera m'malo mwake ngati sipanagwe kanthu.

"Bola lisang'ambike," anatero. "Likangopanikizika, limadzuka."

Koma kadzenje kawo ka supuni sanakakhudze. Mawa lake silinafike.

Tsopano amuna awo atagona kumanda, a Ketrina anapeza kuti chala chawo chikumapita chokha pakona paja, pansi pa nsalu, n'kukhala m'kadzenjeko. Chinkakwana bwino. Sanauze munthu, chifukwa mayi wamkulu sangaime pamaliro n'kunena kuti chimene akuopa kutaya ndi dzenje. Koma zoona zake zinali zimenezo. Njinga atenge, wailesi atenge, mbuzi zipite ndi kulira kwake, tebulo lokha lisatuluke m'nyumba muno.

Wotenga anali atafika kale. A Mordecai, mng'ono wa malemu, anatsika minibasi kuchokera ku Petauke atavala thalauza la mzere wakuthwa. Anayamba kulira ali kumsewu, kulira kwenikweni, mpaka agalu anawayankha. Atafika pakhomo misozi inauma, maso n'kuyamba ntchito. Masiku amenewo zinali zodziwika: mwamuna akamwalira, abale ake ankabwera kudzalira, pobwerera n'kunyamula za m'nyumba. Ankati ku Lusaka kuli lamulo loteteza amasiye, koma lamulolo linali lisanapeze minibasi yofika ku Mpanshya.

Pamaliro tebulo analikokera kuchipinda kuti pabalaza pakhale malo a azimayi. A Ketrina anawaona alamu awowo akulowa kuchipindako ngati asochera. Anawaona akuyeza tebulo ndi zikhatho pamwamba pa nsalu, m'litali ndi m'lifupi, milomo ikuyenda. Kenaka anagwira mwendo umodzi n'kuugwedeza. Sunagwedezeke, ndipo a Mordecai anagwedeza mutu ngati munthu amene walawa ndiwo n'kupeza mchere uli bwino.

M'mawa wa tsiku logawa katundu, a Mordecai ndi abale ena anapita kukhola kukaona mbuzi. Azimayi anali panja akusinja chimanga cha anthu olira, misi ikugunda, du, du, du. A Ketrina anati akufuna kupemphera okha. Analowa kuchipinda, anatseka chitseko, n'kutulutsa musi waung'ono wosinjira nsawawa umene anali ataubisa m'chitenje.

Anachotsa nsalu yoluka. Tebulo linawayang'ana, losalala, lofiirira bwino. Mtima unawawa kwambiri, moti anayamba apepesa.

"Mundikhululukire, a Tembo. Munati limadzuka."

Anayala thumba lakale pamwamba kuti thabwa lisang'ambike, n'kuyamba kumenya. Ankadikira musi wa panja ugunde, nawonso n'kugunda, kuti phokoso lisochere m'phokoso linzake. Apa panaoneka kuti m'banja limenelo munali munthu mmodzi wodziwa kutsata nyimbo, ndipo sanali wa m'kwaya uja. Anamenya pakati, m'mbali, kumutu, kumiyendo. Pakona pa amuna awo pokha anapazungulira. Atachotsa thumba, tebulo linali ngati msewu wa ku Shikabeta mvula itatha. Anapaka phulusa pang'ono kuti maenje aoneke akale, anabwezera nsalu, n'kutuluka maso ali ofiira. Azimayi anati mayiwa apemphera zamphamvu.

Kugawa kunachitikira pabwalo. Katundu ankatuluka mmodzimmodzi, a Mordecai ataima pakhomo. Njinga inapita. Wailesi inapita. Matilesi, mipando, jekete la malemu, supuni zonse kupatula imodzi yopindika imene anaiponya pansi. Pomaliza anyamata anatulutsa tebulo akubuula. A Mordecai anakonza mzere wa thalauza, anayandikira, n'kusolola nsalu yoluka ngati akutsegula sukulu yatsopano.

Anawerama n'kuliyang'anitsitsa tebulolo.

"Ichi n'chiyani, alamu?"

"Tebulo, alamu."

"Ndikuona kuti ndi tebulo. Maenjewa?"

"Akulu anu ankakonzerapo njinga," anatero a Ketrina, maso ali pansi. Bodza limenelo linawawawa, chifukwa a Whiteson sankalola ngakhale kapu yonyowa kukhala pa thabwa limenelo popanda mbale pansi.

A Mordecai anaika kapu pa tebulo kuti aone. Kapu inapendekeka. Anaisuntha, inapendekekera kwina.

"Mkulu wanga anali munthu wabwino," anatero, "koma nzeru za katundu analibe. Ine ndilipire minibasi chifukwa cha nkhuni? Anthu a ku Petauke andiseke? Litsale. Mwamva nonse, ndawasiyira alamu tebulo. Asadzanene kuti a kwa Tembo ndi ouma mtima."

Anthu anaomba m'manja pang'ono, poti panalibe china choti achite. A Ketrina anagwada n'kuthokoza. Mumtima mwawo munali chisangalalo chimene anachita kuchikhalira kuti chisaonekere.

Kenaka a Mordecai analowanso m'nyumba komaliza, kuti aone ngati aiwala kanthu. Anatuluka atanyamula nsimbi.

"Iyi mkazi wamasiye alibe nayo ntchito," anatero. "Asitira ndani?"

Funsolo linalibe yankho loti munthu n'kulinena pagulu. A Ketrina anaiyang'ana nsimbi yawo ikupita kumsewu, ikulendewera m'dzanja la alamu awo.

Anakhala masabata angapo ndi tebulo la maenje. Ankadyerapo atakhala pa ndowa yovundikira, mbale ataiteteza ndi dzanja kuti isagubuduke. Sanafulumire, poopa kuti wina wa kwa Tembo angabwerere kudzatenga chimene anaiwala. Atamva kuti njinga yagulitsidwa kale ku Petauke, anadziwa kuti maliro atha, ndipo anapita kwa a Marjory kukabwereka nsimbi.

A Marjory anali mnansi wawo, mayi wa ku Mpanshya komweko kuyambira makolo, wogulitsa nthochi ndi zitumbuwa kumsewu waukulu. Anali ndi mtima wabwino umene sunkafunsa munthu ngati akuufuna. Ukawapempha mchere, ankabwera nawo okha n'kukuthirira m'ndiwo.

"Nsimbi yanga siyenda yeka, ba Ketrina," anatero. "Kumene ipita, na ine niliko. Muchisa chani, pakuti zovala anatenga?"

"Tebulo."

A Marjory anawayang'ana nthawi yaitali. Anaganiza kuti chisoni chawalowa m'mutu anzawo, ndipo chimenecho chinali chifukwa chinanso choti apite nawo.

Atafika, a Ketrina anakoleza makala pa mbaula kuseri kwa nyumba, anadzaza nsimbi, n'kuyamba monga anaonera kwa amuna awo. Madzi pang'ono m'dzenje. Kansalu konyowa. Nsimbi pamwamba, osaikhazika nthawi yaitali kuti thabwa lingapse. Fwaa! Anachotsa nsalu, anathiranso madzi, anabwereza. Dzenje loyamba linayamba kuchepa, kuchepa, mpaka chala chinadutsapo osapunthwa.

"Mayo ine!" anakuwa a Marjory. "Imwe, ba Ketrina, ndimwe mfiti! Ndiye kuti maenje aya..." Anayang'ana musi wa nsawawa umene unali pakona, anayang'ana a Ketrina, n'kukhala pansi ndi kuseka mpaka kutsokomola. "Ba Mordecai na thalauza yao! Leteni nsimbi, na ine niyeseko."

Anagwira ntchito mosinthana dzuwa lonse la m'mawa. Wina kunyowetsa, wina kusita. M'nyumba munadzaza fungo la mukwa wotentha. Maenje ena ankadzuka msanga, ena ankafuna kuwanyengerera. A Ketrina anaseka kwa nthawi yoyamba chimwalirire amuna awo. Za pakona paja sananene kanthu. Ankati akafika pamenepo angoti basi, tatopa, pakwana.

Makala a m'nsimbi atayamba kuzilala, mbaula nayo inali itazima. A Ketrina anatenga chitini n'kupita kwa anansi ena kukapala moto. Kumeneko anawapatsa mpando, anawapepesa za maliro, anawafunsa za mbuzi, ndipo munthu sungachoke pakati pa chipepeso. Anachedwako ndithu.

Pobwerera anapeza a Marjory ataima pakhomo, thukuta lili chuchuchu, nkhope ikuwala.

"Moto muusiye, nasiliza! Ninapeza makala ena pansi pa phulusa, nauzira. Bwelani muone."

Tebulo linali losalala kuyambira uku mpaka uko. Likanapakidwa mafuta, munthu akanadziona nkhope.

"Onse anali ofewa," anapitiriza a Marjory, "koma kamozi aka ka pakona, awe mwandi! Kouma mutu ngati mwamuna. Apa munamenya na mtima wonse, ba Ketrina. Nathira madzi, nachisa, nathira, nachisa, kakana. Nati lelo tizaonana. Pomaliza kagonja."

A Ketrina anaika chitini cha moto pansi. Anapita pakona paja n'kuyendetsa chala chachikulu. Chinadutsa. Anachibweza, chinadutsanso. Anafufuza cha m'mbali, kuti mwina aphonya malo, koma malowo ankawadziwa ngati m'kamwa mwawo. Panalibe kanthu. Anamva ngati a Whiteson amwalira kachiwiri, ulendo uno m'manja mwa munthu wowafunira zabwino, ndipo panalibe woti n'kumukalipira.

"Mwagwira ntchito, a Marjory," anatero. "Zikomo kwambiri."

"Osathokoza, ndife amozi." A Marjory anakhuthula phulusa la m'nsimbi, anaipukuta ndi chitenje, n'kutsanzika, poti nthochi zinali kuwadikira kumsewu.

A Ketrina anatsala okha ndi tebulo lawo lokongola. Analiyang'ana. Kenaka anakoka ndowa ija n'kuiika kumbali ya amuna awo, kumene anali asanakhaleko n'kale lonse. Anatenga supuni yopindika imene a Mordecai anaikana, anaitembenuza, anayeza ndi chala pamene panali malo ake. Misozi inali kutsika, ndipo sanaipukute. Anayamba nyimbo ya Lamulungu chapansipansi, supuni ikugunda, go, go, go, dala mosemphana ndi nyimbo.

A Marjory anali asanafike patali. Anabwerera n'kusuzumira pazenera, nsimbi ili m'manja.

"Ba Ketrina! Imwe, muzaboola tebulo!"

"Ndidzakonza mawa," anatero a Ketrina, supuni isanaime.