Nyenyezi ya Nsonga Zisanu ndi Ziwiri

Pakamwa panga palibe zipi. Malemu bambo a ana anga ankanena zimenezi kawirikawiri, ndipo pokhala telala ankati tsiku limene adzapeze ya saizi yanga adzandisokera ndili m'tulo. Nanenso ndine telala, ndimasokera pakhonde la sitolo ya zitsulo, ndipo pakamwa pomwepa ndi pamene panathamangitsa mwana wanga wamwamuna pakhomo.

Mwanayo ndi goloboyi. Ochemerera amamutcha Ulimbo, akuti mpira ukangomukhudza m'manja suchokanso. Bambo ake atamwalira ndinamuuza kuti akhale pa makina awo osokera, asiye kumangodzigwetsa m'fumbi ngati nkhuku. Anakana. Ndiye ndinamuuza mawu amene sindinayenere kunena, akuti bambo ake anatha ndi dzuwa la m'mabwalo a mpira pomutsatira iyeyo. Anatenga magulovu ake n'kutuluka. Zaka ziwiri zinadutsa foni yanga osaiyankha.

Lachitatu lina mlongo wake anabwera pakhonde langa n'kuika matikiti awiri pamwamba pa makina.

"Achimwene akuti Loweruka akugwira koyamba mu timu yaikulu," anatero. "Akuti mukakhale kuseri kwa golo la kum'mawa, mukakweze mbendera ya ababa. Akaiona abwera kunyumba. Akapanda kuiona, akuti adziwa okha."

"Adziwa chiyani? Bwanji osabwera kudzanena yekha? Miyendo anaisiya pagolo?"

"Amayi, mupita kapena simupita?"

Madzulo ake ndinatsegula sutikesi ya pansi pa bedi.

Ife kuno n'kobwera, kwathu ndi kutsidya la malire. Tinafika mnyamatayo ali kumsana. Atayamba kugwira mpira mu timu ya ana, bambo ake anasoka mbendera ya dziko lakwathu ndi zidutswa zotsala: mzere wina wa yunifolomu ya sukulu, wina wa makatani a ofesi, wachitatu wa diresi limene mwini wake sanabwere kudzatenga. Pakati anaikapo nyenyezi. Yakwathu ili ndi nsonga zisanu, koma iwo anapinda pepala lodulira molakwika, yawo inatuluka ndi nsonga zisanu ndi ziwiri. Anaisokerera momwemo, pamanja, akuti nsalu yoyera ina analibe. Anzathu ochokera kwathu ankaseka kuti limeneli ndi dziko latsopano, ine n'kumawakalipira mpaka ena analeka kutipatsa moni. Woseka amuna anga ndinali ine ndekha, osati wina aliyense.

Mbendera imeneyo inayenda mabwalo onse a fumbi. Mlongo wake amati mpira usanayambe, mnyamatayo ankacheuka kaye kuifunafuna kuseri kwa golo. Ine sindinapiteko ngakhale kamodzi. Ndinkati wina atsale azisoka.

Loweruka tinafika kubwalo nthawi yabwino. Mzere unali wautali, dzuwa likuswa mtengo, ndipo pachipata panali chikwangwani chatsopano, penti yake ikadali kununkha: MBENDERA ZA MAYIKO N'ZOLETSEDWA M'BWALO LINO.

"Zayamba liti zimenezi?" ndinafunsa mokweza.

Anandiyankha ndi bambo wina amene anali patsogolo pathu, wonyamula ng'oma yaikulu kumsana. Anati mwezi watha anyamata ena anawotcha mbendera ya dziko la wosewera wa timu ina, akwawo n'kubwezera, ndewu n'kubuka mbali yonse ya kumadzulo.

"Ndipo achita bwino kuletsa," anatero. "Uwu ndi mpira wa makalabu, mayi, si wa mayiko. Timu yathu ili ndi anyamata ochokera m'mayiko anayi. Aliyense akabwera ndi yakwawo, tizichemerera ndani? Taonani apa." Anavula chipewa n'kundionetsa bala losokedwa pamphumi. "Mtengo wa mbendera umenewu."

"Amene anakusokani ntchito saidziwa," ndinatero. "Ndiye aletse mitengoyo! Nsalu inamenyapo ndani?"

"Ikawola imodzi zawola zonse, mayi."

"Ine si nsomba, bambo."

Mwana wanga wamkazi ananditsina pamkono. Mumtima munkawira. Anthu oledzera amenyana mwezi watha ine ndili pa makina anga, lero chilango chigwere sutikesi ya pansi pa bedi langa?

Mwamwayi mkulu wa alonda pachipatapo ndinkamudziwa. Mathalauza ake ndimawonjezera m'chiuno ndine, chaka ndi chaka. Pambali pake panaima mayi wina wa ku bungwe la mpira, baji pachifuwa, pepala m'manja, nkhope ngati wamwa mankhwala owawa. Pansi panali katoni yodzaza mbendera zolandidwa.

Mlondayo anapisa m'chikwama changa, anatulutsa mbenderayo n'kuitambasula. Anandiyang'ana, anayang'ananso mwana wanga, amene anamunong'oneza nkhani yonse mwachidule. Anatulutsa foni, anafufuza chithunzi cha mbendera yakwathu, n'kuyamba kuwerenga nsonga ndi chala. Ndinaona akumwetulira.

"Amayi, mwapulumuka," ananong'ona. "Yakwanu ili ndi nsonga zisanu, iyi zisanu ndi ziwiri. Mitundu nayo inasuluka. Imeneyi si mbendera ya dziko lililonse. Akakufunsani mungoti ndi nsalu chabe, mulowe."

Munthuyo ankandithandiza. Lero ndikudziwa, ndipo ngakhale pamenepo ndinkadziwa. Koma mawu akuti nsalu chabe anandilowa ngati singano yothyokera m'chala. Zaka zoposa khumi ndakhala ndikukangana ndi anthu pa nyenyezi imeneyi, lero ndiime pachipata n'kuvomereza kuti osekawo ankanena zoona?

"Nsalu chabe?" ndinakuwa. "Iyi ndi mbendera ya dziko lathu! Anasoka ndi amuna anga ndi manja awo! Inu mukudziwa kusoka inu?"

Mzere wonse unacheuka. Mlondayo anatsinzina ngati wapondedwa chala. Mayi wa baji uja anayandikira.

"Mwamva nokha, a sikiyulite. Eni ake akuti ndi ya dziko. Siilowa. Aisiye mu katonimo, adzaitenga potuluka."

"Ndiisiye pansi, anthu aziiponda?"

"Ndiye patukani, mayi, ena adutse."

Tinapatuka. Mwana wanga anayesa kuimbira mchimwene wake, foni inali yozima. Akuti osewera amawalanda mafoni mpira usanayambe, ndipo ukangotha amakwera basi kubwerera kumene amagonera. Kulowa chimanjamanja kunalibe phindu, pakuti mutu wanga wa imvi ndani angauone pakati pa mitu zikwizikwi? M'kati wezulo inalira, bwalo lonse linagwedezeka.

"Amayi," anatero mwana wanga. "Munthu anakutsegulirani chitseko, inu mwachitseka nokha. Pakamwa panu pomwepa. Achimwene munawathamangitsa nayo njira yomweyi."

Chibadwire anali asanandiyankhulepo chotero. Ndinafuna kumukalipira, koma ankanena zoona. Ndinabwerera kwa mayi wa baji uja n'kumufunsa, mofatsa mmene ndikanathera, chimene chimapangitsa nsalu kukhala mbendera.

"Mizere yokha ingakhale ya kalabu iliyonse," anatero osandiyang'ana. "Koma mwaikapo chizindikiro, ndipo mwanena nokha."

Ndinakakhala pa simenti m'mphepete mwa mpanda, ndinachotsa pini ya pabulauzi, ndinayala mbendera pamiyendo n'kuyamba kumasula nyenyezi.

Amuna anga kudula ankalakwitsa, koma kusoka ayi. Misoko yawo inali ing'onoing'ono, yothinana, yobwerera m'mbuyo, ndipo pansonga iliyonse anamangapo mfundo ziwiri. Ankati chimene wasoka iwe chizidzakusiya m'manda chikadali cholimba. Ndi lezala ikanakhala ntchito ya mphindi zisanu, koma lezala ndinasiya kunyumba podziwa kuti salola. Ndinkatokosa ndi pini, kukoka ndi mano, kulavula ulusi. Ndinawakalipira malemuwo mumtima: inunso, munthu wanji wosoka nyenyezi ngati akusoka lamba wa galimoto?

Ndili pa nsonga yachinayi, m'bwalo munamveka kubuula kwa anthu ambiri. Mlonda wina anali ndi kawailesi, ndipo ndinamva wolengeza akukuwa kuti chigoli chalowa. Anati goloboyi watsopanoyu manja ali nawo, koma sakudziwa chimene akufuna kumbuyo kwake, chiyambire mpira akungocheukacheuka. Mwana wanga anagwira pakamwa. Ine pini inandibaya chala, ndinayamwa magazi n'kupitiriza.

Nsonga yomaliza inachoka anthu ali pa nthawi yopuma. Nditanyamula nyenyeziyo ndinaona chimene telala aliyense akanayembekezera, koma ine ndi mkwiyo ndinaiwala. Nsalu ya pansi pake dzuwa linali lisanaione chisokereni. Mbendera yonse inali yosuluka, koma pakati panatsala nyenyezi ina ya mtundu wowala, nsonga zake zonse zisanu ndi ziwiri, ngati yasokedwa dzulo.

Ndinabisa yoyerayo m'bulauzi n'kubwerera pachipata. Mkulu wa alonda anaitambasula, anaona pakatipo, n'kuikapo chikhatho chake chachikulu ngati akuisalaza.

"Amayi, ichi n'chiyani?" anafunsa mokweza, kuti wa baji amve.

"Ndi nsalu."

"Ya dziko liti?" anafunsa mayi uja.

"Ilibe dziko. Ndi nsalu chabe."

Zinandiwawa, ndisaname. Ndinamva ngati ndawakana amuna anga pamaso pa anthu. Mayiyo anangogwedeza pepala lake kuti tidutse.

Tinakwera masitepe tikupuma mwawefuwefu, tinapeza malo athu kuseri kwa golo la kum'mawa, matimu akubwerera m'bwalo. Ndinagwira ngodya imodzi, mwana wanga ina, tinakweza. Goloboyi amene anabwera kudzaima patsogolo pathu anali wamfupi, wometa mpala.

"Ameneyu ndi ndani? Mchimwene wako ali kuti?"

"Mayo ine," anatero mwana wanga. "Asinthana magolo."

Palibe anandiuzapo kuti pampira amasinthana magolo. Wanga anali kutsidya uko, kamunthu kakang'ono ka malaya achikasu. Mbali imene anatiuza anaiyang'ana chigawo chonse choyamba, osapezapo kanthu, ndipo tsopano anali ataleka kufunafuna. Anagwira mipira itatu yoopsa, anthu akukuwa dzina lake, koma maso ake sanadutse pakati pa bwalo.

Sitinatsitse. Akumbuyo anadandaula kuti tikuwatchinga, ndinawauza kuti akagule bwalo lawo. Mikono inachita dzanzi, phewa linayaka moto, thukuta linalowa m'maso. Wezulo yomaliza inalira timu yathu itagonja ndi chigoli chimodzi chomwe chija. Ndinamuona akuvula magulovu, akuyenda wazyolika kulunjika kukhomo la osewera.

"Iwe! Tacheuka!" ndinakuwa ndi mphamvu zanga zonse. Mawu amene amamveka kuchokera pakhonde langa mpaka pa depoti, pamenepo anangomira ngati mwala m'chitsime. Tsiku lokhalo limene pakamwa panga pakanathandiza, panachepa.

"Mayi a nsomba, mukuitana ndani?" Anali bambo wa ng'oma uja, mipando iwiri kuchokera pamene tinali.

"Ndi amayi ake a Ulimbo," anayankha mwana wanga akulira. "Akapanda kuiona nsaluyi sabweranso kunyumba."

Bamboyo anayang'ana nsaluyo, anayang'ana nyenyezi yowala ija, ndipo ndikhulupirira anadziwa bwino lomwe chimene inali. Anakoka ng'oma yake n'kuimenya katatu. "U-li-mbo, che-u-ka!" Anzake analandira, mbali yonse ya kum'mawa inalandira, ena osadziwa n'komwe chifukwa chake. Mnyamata wanga anaima phazi limodzi lili kale pakhomo. Anacheuka. Anaika dzanja pamphumi kutchinga dzuwa, anayang'ana nthawi yaitali, kenako wina wa timu anamukoka n'kulowa naye.

"Waiona?" ndinafunsa.

"Kaya, amayi."

Lamlungu lonse sanabwere. Ndinakalipira mphaka, ndinakalipira mpopi wodontha, ndinakalipira bungwe la mpira ndi makomiti ake onse. Mpaka lero ndimati akanaletsa mitengo ndi mowa, nsalu akanaisiya, ngakhale bala la bambo uja ndimalikumbukira.

Lolemba m'mawa ndikupinda siketi ya kasitomala, chithunzithunzi chinagwera pa makina. Anali mnyamata wanga, atatalika, ndevu zitamera.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Ndadzuka. Kaya iwe?"

"Nyenyezi ya ababa mwaichita chiyani? Ndinaona malo ake okha."

Ndinatsegula kabati ya makina n'kumupatsa, pamodzi ndi mbenderayo. Anakhala pa mpando wa bambo ake, umene unakhala wopanda munthu zaka ziwiri, anasankha singano, anayesa kulowetsa ulusi, kachitatu n'kulowa. Zala zake ndi zazikulu, zina zokhota chifukwa cha mipira. Anaika nyenyeziyo mopendama, nsonga ziwiri sizinagwere pamalo pake, ndipo misoko yake inali italiitali yoti chala n'kulowa. Ulusinso anatenga wakuda pansalu yoyera.

Ndinaona zonsezo. Ndinatsegula pakamwa, ndinakoka mpweya, kenako ndinatseka n'kumusunthira sizasi pafupi.