Chingwe Chomangira Boti

Modesta anali asanavule n'komwe nsapato za kuntchito pamene belu la pakhomo linalira. Atatsegula anapeza amayi a Rejoice, omwe ankatsogolera amayi ku tchalitchi cha Amalawi ku Annandale, ku America, atakumbatira chijumbo chofufuma, akupumira m'mwamba chifukwa cha masitepe.

"Mayi a Melvin, inu ndi oipa," anatero akuseka. "Mumati muzembe osatitsanzika? Si zambiri ayi. Timankhwala ta achemwali anga, tinsapato ta ana ndi kafoni kamodzi. Akakuchingamirani okha pa eyapoti ku Lilongwe."

Modesta anawayang'ana mayiwo, kenako chijumbocho. Ku Lilongwe? Asanafunse, mwamuna wake Newton anatulukira kumbuyo kwake ngati munthu amene amamvetsera kuseri kwa chitseko. Analandira katunduyo ndi manja awiri, n'kuyamba kufunsa za bambo a kunyumba, za ana, za mmene msewu wa I-95 unadzazira, mawu otsatizana osasiya mpata. Mlendoyo anakana kukhala pansi poti anali ndi shifiti yamadzulo. Anatsika masitepe akudalitsa ulendo.

Newton analowa nacho chijumbocho m'chipinda cha mwana wawo Melvin, chomwe chinkangokhala chotseka chipitire mnyamatayo ku koleji. Modesta anam'tsatira. Pabedi panalibe ngakhale poika dzanja. Makatoni, majumbo, laputopu, mabotolo a mafuta odzola, diresi laukwati, mpaka chitsulo cha galimoto chokutidwa m'thaulo. Chilichonse chinali ndi dzina la wokachilandira.

"Bambo a Melvin, ichi n'chiyani?"

Newton anakanda m'mutu. Nkhani inatuluka pang'onopang'ono, ngati akum'zula dzino. Masabata onsewa Modesta ankagwira ntchito Lamulungu kuti masiku ake a holide akwane, ndiye kutchalitchi Newton ankapita yekha. Tsiku lina mapemphero atatha, anthu akumwa tiyi, akulu a mpingo a Yohane anam'funsa pagulu kuti amva akwera ndege, kodi ndi ulendo wakumudzi?

"Ndikanati chiyani?" anatero Newton. "Ndikanati tikupita ku France kukasewera pa boti, amayi anga ali ku Ntcheu ndi miyendo yotupa? Anthu onse maso ali pa ine. Pakamwa panangoti eya."

"Ndiye pakamwa pomwepo pakati ayi Lamulungu likubwerali."

Ulendo wa ku France unali wa Modesta. Anaupeza pachithunzi chopachikidwa pakhoma la chipinda cha mayi Wilkins, nkhalamba ina yomwe ankaisamalira kunyumba ya okalamba kumene ankagwira ntchito. Pachithunzipo mayiyo anali akadali wamphamvu, atagwira chiwongolero cha boti lalitali mumtsinje wina wa ku France, tsitsi lili mbwee ndi mphepo. Mayina a ana ake anali atawaiwala, koma za botilo ankazikumbukira zonse, ndipo ankazifotokoza Modesta akam'sambitsa. Ankati botilo umabwereka popanda woyendetsa. Eni ake amangokuonetsa pang'ono, n'kukupatsa makiyi. Lili ndi bedi, khitchini ndi bafa, ndipo limayenda pang'onopang'ono moti wapanjinga amakupitirira. Pomwe pakusangalatsa umaima. Mumtsinjemo muli zipata zamadzi: boti limalowa, zitseko zimatsekeka, madzi amakwera kapena kutsika, ndipo pamenepo mmodzi amagwira chiwongolero, wina amatsikira kumtunda ndi chingwe. N'chifukwa chake eni mabotiwo salola munthu kupita yekha.

Modesta atalandira pasipoti ya ku America, anakhala pa foni nthawi yopuma mpaka anapeza boti lotero. Anapezanso nyumba yamiyala yakalekale m'mphepete mwa mtsinje womwewo, yomwe makolo a kumeneko ankagayiramo tirigu ndi mphamvu ya madzi, ndipo tsopano amagonekamo alendo. Kumeneko n'kumene mtima wake unali. Ankafuna, kamodzi kokha m'moyo wake, agone pabedi loyalidwa ndi munthu wina, adzuke tiyi atam'bweretsera. Newton anavomera zonse, mpaka anagula chipewa choyera cha oyendetsa sitima n'kumadzijambula nacho pagalasi. Modesta anagula chingwe chokhuthala, n'kumaphunzira mfundo zomangira boti poonera mavidiyo pafoni, akumangirira pachitsulo cha khonde lawo la m'mwamba ku Woodbridge.

Kumudzi ankakukonda, koma ankakudziwanso. Ulendo watha anatsika ndege n'kufikira pamoto. Ankadzuka anthu ali m'tulo kutenthetsa madzi osamba a alendo, ankagwada popereka moni mpaka mawondo kuchita zipsera, ndipo masana pakhonde pankakhala mzere wa anthu ofuna awaone zilonda ndi kuwayeza BP, poti kumeneko ankamutchula kuti anesi a ku America. Newton ankakhala pansi pa mtengo wa mango ndi anzake akale, mabotolo ali mbwee, akufotokoza za chipale chofewa. Pobwerera, mwamunayo anali atanenepa. Modesta anafika ndi msana wouma, ndipo m'mawa mwake anali kale pantchito akunyamula nkhalamba za eni.

Zimenezi anam'kumbutsa Newton ataima pakhomo la chipinda cha katundu. Newton anati akumva, anati akonza, anati amupatse nthawi apeze mawu abwino ouzira anthu. Lamulungu linafika. Anapita kutchalitchi n'kubwerako ndi majumbo ena awiri.

Kenako panabwera foni ya apongozi. Nkhani inali itawoloka nyanja kudzera m'magulu a pa WhatsApp. Newton anaiika mokweza kuti Modesta amve yekha. Mayi okalambawo anali pakati pa kuseka ndi kulira. Anadandaula kuti za kubwera kwa mwana wawo azimvera kwa anthu, koma anati palibe kanthu, nyumba aipaka kale laimu, mbuzi aimangirira, ndipo kutchalitchi alengeza.

"Mayi a Melvin alipo pamenepo? Muwauze asaiwale kachipangizo kawo koyezera BP kaja. Anthu kuno ayamba kale kufunsa kuti anesi athu afika liti."

Modesta anapereka moni mwaulemu, anafunsa za miyendo. Sanawakwiyire. Mayiwo sananame kwa munthu aliyense. Foni itadulidwa, Newton anatambasula manja ngati akuti mwadzionera nokha.

Mawa lake kuntchito Modesta anam'peza Gwendoline m'chipinda chopumira. Gwendoline anali wa ku Lusaka, mnzake wa zaka zambiri, mkazi wopanda mantha ndi munthu. Modesta anam'fotokozera zonse, n'kumupempha kuti alowe m'malo mwa Newton paulendo wa boti. Chingwe agwira yekha Modesta, iye angogwira chiwongolero.

Gwendoline anaseka mpaka kutsamwa ndi khofi, koma kenako nkhope inagwa.

"Iwe Mode, nifuna maningi. Koma mapepa yanga yakalibe kubwela. Nikachoka muno sinizangenanso." Anapukuta pakamwa. "Manje bamuna bako bakusandutsa ngolo, mwandi. Bafuna che bakumangilile ng'ombe kusogolo."

Modesta anayesa ena awiri. Wina analibe masiku a holide, wina anati mwamuna wake sangamulole. Aliyense ankamaliza ndi mawu amodzimodzi: bwanji osangopita kumudzi?

Atafika kunyumba tsiku lina la sabata yomweyo, anapeza Newton ataphika, tebulo ataliyala. Anadziwa kuti pali kanthu. Mwamunayo anadikira kuti ayambe kudya, ndipo anati zonse wakonza, asavutikenso. Matikiti wawasintha, tsopano ndi a ku Lilongwe. Eni boti wawauza kuti apatse ena, chimodzimodzinso a kunyumba yamiyala ija. Anati France sathawa, chaka chamawa chilipo, koma mayi ndi mmodzi.

Modesta anaika foloko pansi. Anafunsa modekha kuti bwanji sanasinthe tikiti yake yokha, apite akawaone amayi, iye am'siye.

"Anthu aziti chiyani ndikafika ndekha? Ndiponso katunduyu ndi wa masutikesi anayi. Munthu mmodzi amaloledwa awiri basi."

Mawuwo anatuluka Newton asanawaganize, ndipo anayesa kuwakwirira ndi chifuwa. Koma anali atatuluka.

"Ndiye mukufuna mkazi, kapena mukufuna masutikesi awiri?"

"Aa, mayi a Melvin, musayankhule choncho."

"Ine sindipita, bambo a Melvin. Ndakuuzani lero kuti musadzati sindinanene."

Newton anamwetulira. Ankam'dziwa mkazi wake. Modesta ankakwiya, ankamenyetsa zitseko za makabati, koma tsiku likafika ankavala chitenje n'kuchita zoyenera. Zaka zonsezi sanalepherepo. Ndiye Newton anapitiriza kulongedza akuimba mluzu. Kuti katundu wa anthu akwane, zovala za Modesta anazichepetsa mpaka zinangotsala zokwana m'kachikwama ka m'manja, ndipo pamwamba pake anaikapo kachipangizo koyezera BP.

Tsiku la ulendo, sutikesi yachinayi inakana kutsekeka. Newton anaikhalira, anaigwadira, mpaka zipi inang'ambika ndipo chitsulo cha galimoto chija chinasuzumira panja. Anazungulira m'nyumba kufuna chomangira. Anatuluka pakhonde, n'kubwerako ndi chingwe cha Modesta.

Modesta anachiyang'ana chingwecho m'manja mwa mwamuna wake. Newton anachizunguliza pasutikesi, anamanga, chinamasuka. Anamanganso, chinatereranso.

"Bweretsani kuno," anatero Modesta.

Anagwada pansi. Anachizunguliza kawiri, anachipinda, anachilowetsa, n'kukoka ndi mphamvu yonse ya manja onyamula anthu. Inali mfundo yomangira boti padoko kuti madzi asalikokolole. Inagwira gwa. Newton anam'sisita paphewa, nati amadziwa kuti mtima wake ndi wabwino.

Anayendetsa galimoto ndi Modesta. Njira yonse Newton anali pafoni, akuuza a Yohane kuti anyamuka, akulonjeza amayi a Rejoice kuti mankhwala ali pabwino. Atayandikira eyapoti ya Dulles, analoza msewu wopita koimika magalimoto a anthu ochoka nthawi yaitali. Modesta anapitirira, nakaima pakhomo potsitsira okwera ndege. Anatsika, anatsegula kumbuyo, n'kuyamba kutsitsa masutikesi, imodziimodzi, mpaka onse anayi anandandalika m'mphepete mwa msewu. Anatsegula kachikwama ka m'manja, anatulutsa kachipangizo ka BP n'kum'patsa Newton.

"Mumangomanga pamkono n'kudina apa. Si zovuta. Mukawapatse moni amayi."

"Mayi a Melvin, musachite zachibwana. Pasipoti yanu ili kuti?"

"Ili kunyumba, m'kabati."

Newton anayang'ana masutikesi, anayang'ana anthu odutsa, n'kutsitsa mawu. Anati aganize za manyazi, aganize za amayi, aganize za diresi laukwati la mwana wa eni. Anafunsa kuti masutikesi awiri enawo awatani.

"Afunseni a Yohane. Ndi amene munawayankha."

Wapolisi wa pamsewu anaimba wisulo kuti galimoto ichoke. Modesta analowa n'kunyamuka. Pagalasi anamuona mwamuna wake ataima pakati pa katundu wa anthu, foni ili kukhutu, dzanja lina litagwira mfundo ija.

Sanamve kukoma kulikonse. Foni inayamba kulira asanafike n'komwe pa I-95. Newton. Amayi a Rejoice. Newton. Nambala ya ku Malawi. Ankadziwa zomwe zidzanenedwe pa tiyi Lamulungu: kuti America yam'lowa m'mutu, kuti wanyoza apongozi odwala chifukwa cha boti la azungu. Za bodza la Newton palibe adzazitchule. Anaizimitsa foniyo n'kuiponya pampando wakumbuyo.

Asanafike kunyumba anakhotera ku Occoquan, kumtsinje komwe anthu a kuno amaimika maboti awo. Anakhala pabenchi ndi jekete lake. Boti lina linkayandikira doko pang'onopang'ono. Pachiwongolero panali mayi wa imvi, ndipo mwamuna wake, wokalamba kuposa iye, anali kutsogolo atagwira chingwe. Botilo litagunda matabwa, bamboyo anatsika movutikira, anamanga, n'kutambasula dzanja kuti mkazi wake atsike.

Modesta anawayang'ana mpaka analowa m'lesitilanti. Kutsidya kwa nyanja, boti lake linali litapatsidwa kale anthu ena, ndipo bedi la m'nyumba yamiyala linali litayalidwira wina. Masiku a holide okha ndi amene anam'tsalira. Anadzuka, anagula tiyi m'kapu yapepala pawindo la kashopu, n'kubwerera pabenchi pomwepo. Tiyiyo anali wozizira kale, koma sanafulumire naye, ndipo anamwa yense.