Kabokosi Kakuda pa Dzina la Mayi Zulu

Lachiwiri pa 9 Malichi 2004, kompyuta ya pa parishi ina ya kufupi ndi Kapondo inasindikiza mayina a akhristu 412, ndipo pa mayina awiri a anthu amoyo inalembapo masiku omwalira. Woyamba anali a Kefasi Mbewe, mkulu wa kwaya: 14-03-2004. Wachiwiri anali Mayi Benedicta Zulu, kalaliki amene ankataipa mayinawo: 02-04-200, ndipo pamalo pa nambala yomaliza ya chaka panali kabokosi kakuda.

Anthu anaseka. A Kefasi, amene ankadwala chifuwa kuyambira Januwale, anaseka kuposa onse. Lamulungu pa 14 Malichi anagwa panjinga pochokera ku Misa, ndipo pofika nawo kuchipatala anali atatsirizika.

Vitus Kalinde anafika Lachitatu, atakwera minibasi mpaka pa Kamwendo, kwinako pa njinga ya hayala. Iyeyu ndiye analemba pulogalamu ya kaundula wa akhristuyo ku Lilongwe kuti igwire ntchito m'maparishi asanu, pa makompyuta osafanana. Kompyuta iliyonse inali ndi kafayilo kake ka zosankha. Ya kunoyi inali yokalamba, yopatsidwa kuchokera ku Chipata, ya memore yochepa, ndipo inkatenga nthawi ngati ngolo ya m'matope. Kuti ifulumire, Vitus anali atazimitsa mzere umodzi, wolamula kuti memore ipukutidwe isanalembedwe zatsopano.

Anapeza Mayi Zulu atakhala pakhonde la ofesi. M'katimo sanalowemo chiyambire maliro.

"Mwabwera, a sing'anga a makina?" anatero mayiwo. "Kalowenitu, mukacheze ndi mnzanuyo. Ine anandiuza kale zanga."

"Amayi, palibe chachilendo apa. Memore ili ngati bolodi ya m'kalasi. Mukapanda kupukuta, kalasi yolowa pambuyo imapeza masamu a anzawo. Pamene simunataipe kanthu, makina atola zotsalira za munthu wina."

"Munthu wake uti?"

"Wina amene anamwalira kale. Bweretsani buku."

Anatsegula buku la omwalira pa tebulo la pakhondepo, Vitus nayendetsa chala kuyambira 1991, tsamba ndi tsamba. Kunja kunali zii, chimanga chitaima osagwedezeka. Tsiku la 14-03-2004 analipeza kamodzi kokha, pamzere womaliza, inki ya abambo mfumu ikadali yowala. Mzerewo unali usanataipidwe m'kompyuta. Pa 2 Epulo wa chaka chilichonse panalibe anamwalira.

"Mwina ndi za ku Chipata," anatero Vitus, mawu atatsika.

"Anthu a ku Chipata amafa mwezi usanafike?"

Vitus analowa mu ofesi, nayatsa makinawo. Chimene ankafuna chinali chimodzi: kuchotsa tsikulo pa dzina la mayiwo, kuti abwerere pampando wawo ndi mtima m'malo. Anatsegula kafayilo ka zosankha, nasintha 0 kukhala 1 kuti mzere wopukuta memore uja uyambenso kugwira ntchito. Anamanganso pulogalamu, ndipo panatenga mphindi makumi awiri ndi zisanu. Kenaka anailamula kuti ilembenso kaundula yense mwatsopano. Mwa chizolowezi chake akanayamba wakopera kaundula wakaleyo, koma disiketi imene anabwera nayo inali yodzaza, ndipo za pa parishipo zinali zitachita nkhungu ndi mvula. Anaona kuti zinyalala sizofunika kusunga.

Pulinta inalira, pepala linatuluka. Pa dzina la Benedicta Zulu, malo a tsiku lomwalira anali oyera.

Mayiwo analiyang'ana nthawi yaitali ali chiimire pakhomo.

"Nanga kabokosi kaja kanali chiyani?"

"Ndi mmene pulinta imachitira ikapatsidwa nambala imene siingathe kuijambula."

"Ndiye kuti kunsi kwake kunali nambala."

"Inalipo."

"Inu mukanatha kuiwerenga?"

Vitus akanatha. Inali ntchito ya mphindi imodzi: kutsegula fayilo yakaleyo ndi kuyang'ana malo amodzi. Koma fayiloyo anali ataifufuta polemba yatsopano pamwamba pake.

"Amayi, ikanakhala nambala yopanda tanthauzo."

"Ya a Kefasi inalinso yopanda tanthauzo." Anapinda pepalalo kanayi. "Achimwene, ine sindinakuitaneni kuti mudzafufute. Ndimafuna mundiuze chaka. Ndili ndi ana awiri ku sekondale."

Lachisanu pa 2 Epulo 2004 Mayi Zulu anakhala m'tchalitchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, amayi a m'limana lawo, kagulu ka akhristu a m'dera lawo, atawazungulira. Sanamve ngakhale mutu. M'mawa mwake anapita pa telefoni ya pa Kamwendo kukaimbira Vitus. Ananena mawu amodzi okha, "Ndilipo," nadula.

Anachitanso chimodzimodzi mu 2005. Mu 2006 anagula foni ya m'manja, ndipo kuyambira pamenepo pa 3 Epulo ankangoiliza kamodzi n'kudula, Vitus n'kudziwa. Kompyuta ija inapsa ndi mphenzi mu Disembala chaka chomwecho. Pulogalamuyo ikugwirabe ntchito m'maparishi anayi enawo, ndipo sinalembeponso tsiku la munthu wamoyo.

Lachinayi pa 3 Epulo 2008 foni ya Vitus sinalire. Anadikira mpaka madzulo, kenaka anaimba yekha, koma nambalayo sinkapezeka. Woyendetsa minibasi wina anamuuza kuti mbali ya ku Kapondo netiweki inali itasowa sabata yonseyo. Loweruka pa 5 Epulo anaimbanso kasanu, ndipo nambalayo sinkapezekabe.