Utsi Woyera wa Alamu

Tsiku limene anandituma kukayeza utsi ku fakitale yopanga nsalu, ndinadzuka mtima uli m'mwamba. Amene amasonkha ng'anjo ya malasha kumeneko ndi alamu anga, amuna a akulu anga. Ng'anjoyo inali italephera kale mayeso athu chifukwa cha utsi wakuda, ndipo lamulo silipita m'mbali: ikalepheranso timaitseka, ntchito ya alamu n'kuthera pompo.

Ndinakwera makwerero a chumuni, abwana anga ali pambuyo, n'kulowetsa choyezera pabowo. Kuyang'ana kumwamba, utsi uli mbee! Ndinadziwiratu kuti zavuta.

Anthu amaganiza kuti utsi ukayera ndiye kuti zonse zili bwino. Bodza! Mpweya ukachepa m'ng'anjo, inde, utsi umada. Koma ukaupatsa wochuluka, moto umalusa, nayitrojeni n'kugwirizana ndi mpweyawo kupanga nayitrojeni okusaidi. Ameneyo m'maso saoneka kwenikweni, koma amapweteka mapapo. Ndipo tsikulo timayeza ameneyo.

Pansipo ndinawaona alamu, thukuta lili kamukamu, akupotokola chigudumu chotsegulira mpweya. Chifani chokankhira mpweya m'ng'anjo chinkalira moti ngakhale ndikadakuwa sakadamva. Nambala ya pa choyezera inkangokwera. Ndinayamba kutsitsa dzanja mobwerezabwereza kuti chepetsani, bambo inu, chepetsani! Iwo anangondibayibitsa, mano onse pamtunda, n'kupotokolanso.

"Kodi mayi, mukuingitsa ntchentche?" anafunsa abwana.

"Ayi bwana, kwatentha."

"Gwirani bwino chinthucho."

Ndinalakalaka kuchisolola pang'ono kuti chikoke mpweya wa panja. Koma kuseri kwa mpanda wa fakitaleyo kuli sukulu, ndipo ana ankaoneka akuthamangitsana pabwalo. Ndinachigwira pomwepo mpaka nambala inadumpha mzere wofiira wa malire ovomerezeka n'kukhazikika.

"Basi," anatero abwana. "Tsikani mukawauze azimitse."

Nditafika pansi, alamu anandithamangira akupukuta manja ndi chisanza, n'kundikokera pambali.

"Alamu, mwauona? Ngati thonje!" ananong'ona. "Akulu anu anandiuza kuti mubwera ndi abwana anu. Ndinati ayi, mlamu wanga asachite manyazi chifukwa cha ine. Masiku onsewa ndimatsegula theka, koma lero ndatsegula wonse."

Ndinangoyang'ana chigudumu chija.

"Nanga bwanji simukuyankhula, alamu? Takhoza eti?"