Zimbalangondo za mu Januwale

Mwamuna wanga Overtone atapita ku Canada, ine ndinatsala ku Salford, pafupi ndi Manchester, ndi mwana wathu Nthanda. Ine ndi iye tinkagwira ntchito yosamalira okalamba, koma iye ankati kuno tikungokalamba limodzi ndi odwala athu. Anapeza ntchito ku Alberta, m'katauni ka m'mphepete mwa mapiri, ndipo pa eyapoti analumbira kuti chaka chisanathe atiitana.

Chaka chinatha. Nditafunsa za ulendo wathu, m'pamene zimbalangondo zinayamba.

"Mayi a Nthanda, kuno si kobwera ndi mwana," anatero pa foni. "Kuli ma grizzly. Zimbalangondo zoopsa, zimafika mpaka pakhomo. Dikirani ndipeze nyumba m'tauni yaikulu."

Ine mantha anandigwira zenizeni. Kwathu ku Ntcheu ndinakula ndikudziwa fisi ndi njoka, koma chilombo ichi ndinkangochimva m'Baibulo. Tsono ine ndikaopa chinthu ndimafuna ndichidziwe mpaka ku zikhadabo. Ndinapita ku laibulale, ndinabwereka mabuku atatu, n'kumawerenga m'basi popita ku ntchito.

Ndinadziwa kuti grizzly ali ndi linunda paphewa ngati ng'ombe za kwathu, ndipo ndi mnofu wokhawokha wokumbira pansi. Champhongo chimalemera kuposa amuna atatu, koma liwiro lake munthu sangachithawe. Fungo la chakudya chimalimva chili kutali kwambiri. Chinandidabwitsa n'chakuti chilombo chonsecho nthawi zambiri chimangodya zipatso, mizu, nsomba ndi tizilombo.

Lamlungu lililonse ndinkamuimbira kumupatsa malangizo. "Bambo a Nthanda, zinyalala muzitseka bwino. Mukakumana nacho musathamange, muzibwerera pang'onopang'ono mukuyankhula motsitsa. Chikakugwetsani mugone chafufumimba, manja pakhosi." Iye ankangoseka n'kunena kuti ndasanduka pulofesa. Ku ntchito anzanga ankanditcha Mayi Chimbalangondo. Kutchalitchi ku Manchester ndinaimirira pamaso pa amayi onse kupempha kuti atithandize kupemphera, ndipo tinagwirana manja n'kumanga zilombozo m'dzina la Yesu mpaka mawu kusasa. Ndikakumbukira zimenezo manyazi amandiwotcha nkhope.

Chaka chachiwiri chinatha, ndipo mu Januwale ndinamuuza kuti ndapempha tchuthi, tibwera pa Isitala ngakhale kwa masabata awiri okha.

"Eee, not now," anatero msangamsanga. "Dzulo lomweli chimbalangondo chachikazi chinabwera pa ma bin athu ndi tiana take tiwiri. Tonse tinadzitsekera m'nyumba."

Ndinati pepani, ndinati Mulungu akusungeni, ndinadula foni. Ndinafika mpaka pa sinki n'kuyamba kutsuka makapu. Kenako manja anangoima okha m'madzi.

Mu Januwale?

Bodza limafuna munthu wosawerenga. Zimbalangondo zimenezi zimalowa m'mapanga chisanu chikamayamba, cha mu Novembala, ndipo zimagona miyezi isanu kapena kuposa, osadya, osamwa. Mu Januwale ndi pamene chachikazi chimaswa m'phanga momwemo, tiana tosaona, tosakwana n'kilo yomwe. Sititulukamo mpaka chipale chitasungunuka. Ndinatsegula buku kuti mwina ndalakwitsa, chifukwa mtima unkafuna kwambiri kuti wolakwa ndikhale ine. Ndinapeza kuti champhongo nthawi zina chimadzuka n'kuyendayenda. Koma mayi ndi tiana pa bini pakati pa chisanu, ayi ndithu.

Mawa lake ndinachoka ku ntchito 3 koloko masana, ku Canada kukucha kumene. Sindinadikire Lamlungu. Ndinakhala pa benchi pa siteji ya basi n'kuimba.

"Tianato tinali totani?" ndinafunsa.

"Tiana tanji?"

"Ta chimbalangondo."

"Aaa, tating'ono, tabulauni. Bwanji kodi?"

"Overtone," ndinatero, ndipo aka kanali koyamba kumutchula dzina chikwatirane, "zimbalangondo zili mtulo. Zinagona mu Novembala. Inu munachionapo n'chimodzi chomwe?"

Ndinkamva mpweya wake wokha. Kenako chapatali m'nyumbamo kamwana kanayamba kulira, kulira kwa khanda lofuna bere, ndipo mawu a mzimayi anakatonthoza m'Chichewa chomveka bwino.

Basi yanga inafika, inatsegula chitseko, inatseka, inapita.

"Tikambirana bwinobwino, mayi a Nthanda," anatero. "It's complicated."

"Mwanayo ali ndi miyezi ingati?"

"Isanu."

Ndinawerengetsa. Nthawi yomwe ndinkalira kutchalitchi kuti chilombo chisamudye, mnzangayo anali ndi pakati. Mkwiyo unandikwera mpaka m'makutu, koma chomwe chinandipweteka kwambiri n'chakuti chaka chonse ndinamuopera munthu ameneyu ndi mtima wanga wonse, iye akundimvetsera n'kumaseka.

"Dzina la mwanayo ndani?"

Ndinafunsanso kachiwiri, mokweza, mpaka mayi wina wachizungu pa benchipo anasuntha.

"Taonga," anatero motsitsa.

Limeneli ndi dzina lomwe ine ndi iye tinasankha tili pa mzere ku chipatala, Nthanda ali m'mimba, n'kugwirizana kuti tilisungire mng'ono wake. Ine ndinali ndikulisungabe.